Kupereka Maganizo Anu pa Buku: Phunziro Lochokera pa Bawo

Mawu otsogolera

Mafunso ena a pa mayeso a MSCE safuna kuti mungofotokoza zomwe zidachitika m'nkhani. Amafuna maganizo anu. Mafunso otere amakhala ndi mawu monga akuti "Kodi mukugwirizana nazo?" kapena "Inu mukuganiza bwanji?" Ophunzira ambiri amataya malikisi pa mafunso amenewa poyesa kuti maganizo ndi chilichonse chomwe chabwera m'mutu. M'mutu uno tiona kusiyana kwa maganizo olimba ndi maganizo opanda pogwira. Tiyambira pa masewero omwe ambiri a inu mumawadziwa.

Zomwe zimachitika pa bawo

Bawo ili ndi maenje 32, m'mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, ndipo imaseweredwa ndi nkhomo 64. Osewera amakhala awiri okha, koma oonerera sachepa, ndipo aliyense amakhala ndi maganizo ake. Wina amangoti, "Aaa, mwalakwitsa pamenepo, achimwene!" Mukamufunsa chifukwa, amangoseka. Wina amaloza dzenje, n'kuwerenga nkhomo zomwe zilimo, n'kuonetsa kuti yomaliza ikadagwera m'dzenje lokhala ndi nkhomo la mzere wakutsogolo, loyang'anizana ndi nkhomo za mdani, ndipo wosewerayo akadadya. Onse awiri apereka maganizo, koma womveredwa ndi wachiwiriyu chifukwa mawu ake aliyense angathe kuwatsimikiza powerenga yekha.

Woyesa mayeso amafuna wophunzira wofanana ndi woonerera wachiwiriyu. Nkhomo zanu ndi zochitika za m'buku, zochita ndi zolankhula za apangankhani, komanso malo ndi nthawi ya nkhani.

Kusiyana kwa bawo ndi buku

Pa bawo masewero akatha pamakhala wopambana mmodzi, ndipo mkangano umathera pomwepo. Pa buku sizili choncho. Owerenga awiri angathe kutsutsana, onse n'kukhala ndi mayankho oyenera malikisi, malinga aliyense waikira umboni mfundo zake.

Chitsanzo: buku la Nthondo

Buku la Nthondo lidalembedwa ndi Samuel Josia Nthara, yemwe adali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Lidasindikizidwa m'chaka cha 1933, ndipo m'chaka cha 1934 lidatuluka m'Chingerezi ndi mutu wakuti Man of Africa, womasulira ali T. Cullen Young. Bukuli limatsata moyo wa Nthondo kuyambira kubadwa mpaka kumwalira. Iye adakula ndi makhalidwe oipa, pambuyo pake adalowa ufumu, ndipo kumapeto adatembenuka mtima n'kukhala mkhristu.

Owerenga amasiyana maganizo pa kutembenuka mtima kumeneku. Ena amati mathero ake ndi okhutiritsa: munthu yemwe waona zowawa chifukwa cha zochita zake, n'kusenza udindo wolamulira anthu, angathe kusinthadi. Ena amati mlembi, pokhala munthu wa mishoni, adakonzeratu kuti nkhani ikathere ku tchalitchi, ndipo mphamvu yeniyeni ya bukuli ili m'mafotokozedwe ake a miyambo ya Achewa monga ya kubadwa kwa mwana, ukwati, maliro ndi ufumu. Mbali zonse ziwiri zili ndi poimira.

Taonani mayankho awiri awa pa funso lakuti, "Kodi kusintha kwa Nthondo ndi kokhutiritsa?"

Yankho loyamba: Inde, ndi kokhutiritsa chifukwa bukuli ndi labwino kwambiri ndipo limaphunzitsa zambiri.

Yankho lachiwiri: Inde, ndi kokhutiritsa. Mlembi sadayambe ndi munthu wolungama. Adationetsa kaye Nthondo ali wamakhalidwe oipa kwa nthawi yaitali, kenaka adamusenzetsa ufumu, udindo womwe umakakamiza munthu kuganizira ena. Choncho pomwe Nthondo akutembenuka mtima, wowerenga amakhala ataona njira yonse yomwe wayenda.

Yankho loyamba lili ngati woonerera wongofuula uja. Mawu akewo angathe kunenedwa pa buku lina lililonse, ngakhale ndi munthu yemwe sadaliwerenge. Yankho lachiwiri lawerenga nkhomo. Pa mayeso muyenera kulilimbitsa potchula zochitika zenizeni, monga cholakwa chimodzi chomwe Nthondo adachita ali mnyamata ndi zotsatira zake.

Njira yoyankhira

1. Nenani mbali yomwe mwaima m'chiganizo choyamba.
2. Perekani chifukwa chimodzi m'ndime iliyonse.
3. Ikirani umboni wochokera m'buku: adachita ndani, adachita chiyani, zotsatira zake zidali zotani.
4. Fotokozani momwe umboniwo ukugwirizanirana ndi maganizo anu.
5. Ngati funso likulola, tchulani mwachidule mfundo ya otsutsa, ndipo muiyankhe. Katswiri wa bawo sayang'ana maenje ake okha; amawerenganso a mnzake asadasunthe nkhomo.

Zolakwika zofunika kupewa

Choyamba ndi kufotokoza nkhani yonse m'malo moyankha funso. Chachiwiri ndi kuloweza maganizo a aphunzitsi kapena a buku ngati lino osawamvetsa. Funso likangotembenuzidwa pang'ono, woloweza amasowa pogwira. Chachitatu ndi kuweruza mpangankhani potengera chipembedzo kapena chikhalidwe chanu chokha, osayang'ana nthawi ndi malo omwe nkhani ikuchitikira. Chachinayi ndi kusintha mbali pakati pa yankho. Ganizani musadayambe kulemba, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ntchito

1. M'magulu a anthu anayi, awiri aikire kumbuyo mathero a buku la Nthondo ndipo awiri awatsutse. Mfundo iliyonse yopanda umboni wa m'buku isawerengedwe.
2. Lembani ndime imodzi yotsutsana ndi yankho lachiwiri lija, motsatira njira yomwe mwaphunzira.
3. Sankhani mpangankhani mmodzi wa m'buku lina lomwe mukuphunzira. Kodi zomwe zidamuchitikira kumapeto zidamuyenera? Perekani zifukwa ziwiri ndi umboni wake.