WOTCHINGA KUMBUYO: KUMSUNGA, KUMGULITSA KAPENA KUMMASULA?

M'tauni ya Zomba, imene inali likulu la dziko lino kufikira chaka cha 1975, nkhani ya mpira siitha ndi wezulo wotsiriza. Imatsata anthu ku maofesi a Boma, ku misika ndi m'zipinda za aphunzitsi, ndipo imakula kwambiri nyengo ya masewera ikatha, pamene akulu-akulu a timu amakhala pansi kulemba maina a anyamata amene adzavale malaya a timu chaka chamawa. Pa maina onsewo, lobvuta kuweruza ndi la wotchinga kumbuyo amene watumikira zaka zambiri. Njira ziripo zitatu: kumsunga, kumgulitsa kwa ena, kapena kufafaniza dzina lache m'kaundula. Iri yonse mwa njirazi iri ndi mtengo wache.

Anthu a ku Zomba amaudziwa bwino mtengo umenewu. Timu yao ya Red Lions, ya asilikari a ku Cobbe Barracks, inatuluka mu ligi yaikulu m'chaka cha 2018, inabwereranso, ndipo inatulukanso mu 2023 pamodzi ndi Blue Eagles ndi Extreme FC. Kwa zaka zingapo inali kulandirira alendo kutali ndi kwao, ku Chiwembe ndi ku Balaka, pamene bwalo la m'tauni linali kumangidwa. Mu ligi ya matimu 16, m'mene atatu a kunsi amatsika chaka ndi chaka, zigoli zowerengeka zolowa mosasamala ziri zokwanira kugwetsa timu. Nchifukwa chache funso la wotchinga kumbuyo liri lalikulu kuposa m'mene ochemerera ambiri amaganizira.

NTCHITO YOSAONEKA

Chobvuta choyamba ndi chakuti ntchito ya wotchinga kumbuyo siwerengeka msanga. Womwetsa zigoli ali ndi umboni wolembedwa m'nyuzi. Koma wa kumbuyo akagwira bwino ntchito yache, palibe chimene chimachitika, ndipo anthu amabwerera kwao osamtchula. Amakumbukika tsiku limene waterereka. Afanana ndi kalaliki wosunga mabuku a ndalama, amene dzina lache limamveka pokha-pokha mabukuwo akasokonezeka.

Chachiwiri ndi msinkhu. Wosewera kutsogolo amadalira liwiro, ndipo liwiro limachepa munthu akapitirira zaka 30. Wa kumbuyo amadalira maka-maka maso ndi nzeru: kudziwa poima, kuona mpira usanafike, kulamula anzache ndi kumvana ndi wa pagolo. Zimenezi zimakula pamodzi ndi zaka. Akulu anati akulu-akulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo m'bwalo la mpira dambo limenelo liri kutsogolo kwa golo.

Mbiri ya mpira wa dziko lino ichitira umboni. Malemu Jack Chamangwana, amene anamwalira mu 2018, anali mzati wa kumbuyo m'timu ya dziko imene inatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979, ndipo anapita ku Kaizer Chiefs ali munthu wokhwima kale, nakhalanso mphunzitsi wa timu yomweyo. Peter Mponda ndiye anatsogolera Flames ku Angola mu 2010, pamene Malawi inagonjetsa Algeria ndi zigoli 3 kwa 0. Anthu amakumbukira zigoli zitatuzo, koma 0 wa Algeria anali ntchito ya akumbuyo ndi wa pagolo.

PHUNZIRO LA KU JOHANNESBURG

Nkhani imene iyenera kulingaliridwa mofatsa ndi ya Patrick Mabedi. Iye anachokera ku Bullets, napita ku Kaizer Chiefs, kumene anakhala kaputeni. Pansi pa utsogoleri wache timuyo inatenga ligi ya South Africa kawiri motsatizana, mu 2004 ndi 2005. M'chaka cha 2006, ali ndi zaka zopitirira 30, anachoka napita ku Moroka Swallows. Chiefs sinatengenso ligi kufikira 2013.

Kungakhale kulakwa kunena kuti kuchoka kwa munthu mmodzi ndiko kunadzetsa chilala cha zaka zonsezo, pakuti m'chaka cha 2005 mphunzitsi Ted Dumitru anasiya ntchito, ndipo womwetsa zigoli wa ku Zambia, Collins Mbesuma, anapita ku Portsmouth. Koma phunziro liri pomwepo. Timu imene itaya mphunzitsi, womwetsa zigoli ndi mtsogoleri wa kumbuyo m'nyengo yochepa imatsala ngati nyumba yozulidwa mizati, ndipo kumanganso kumatenga nthawi yaitali kuposa kugwetsa.

Ku Ulaya nakonso zoterezi zachitika. Mu 2020 Paris Saint-Germain inalola Thiago Silva kupita pamene mgwirizano wache unatha, iye ali ndi zaka 35. Chelsea inamtenga osalipira timu yache yakale, ndipo mu 2021 anatenga nayo chikho chachikulu cha makalabu a ku Ulaya. Mu 2018 Liverpool inalipira Southampton mapaundi 75 miliyoni kugula Virgil van Dijk, ndipo inatenga chikho chomwecho mu 2019 ndi ligi ya England mu 2020. Amene anamasula anataya munthu wothandiza. Amene anagula modula sanadandaule.

MALAMULO A MALONDA

Komabe kusunga sikuli kwanzeru nthawi zonse, ndipo apa malamulo a FIFA ayenera kudziwika. Mgwirizano wa wosewera sungapitirire zaka zisanu, ndipo wa mnyamata wosakwana zaka 18 sungapitirire zitatu. Ikatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti mgwirizano uthe, wosewera ali ndi ufulu wosainirana ndi timu ina, ndipo ukatha amachoka popanda ndalama ya malonda. Mwambo umenewu unakhazikika ku Ulaya ndi chiweruzo cha mlandu wa Jean-Marc Bosman mu 1995. Tanthauzo lache ndi lakuti timu yofuna kugulitsa iyenera kutero mgwirizano ukali ndi chaka kapena kuposa. Yozengereza imataya munthu ndi ndalama zomwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wa pachala ngwa mphepo.

Lamulo lina limati wosewera akagulidwa kuchokera ku dziko lina, magawo asanu pa 100 ali onse a ndalamazo agawidwe kwa matimu amene anamlera kuyambira ali ndi zaka 12 kufikira 23. Timu yosasunga bwino kaundula wa anyamata ache singathe kuitanitsa gawo lache. Mlembi waulesi amaluzitsa timu mofanana ndi wotchinga waulesi.

Kwa timu ya asilikari nkhani iri ndi mbali yina. Wosewera amene ali msilikari ali pa ntchito ya Boma, ndipo sangagulitsidwe monga wa timu wamba popanda chilolezo cha akulu a usilikari. Angaitanidwe ku maphunziro kapena ku ntchito yosungitsa mtendere kunja, monga ku Democratic Republic of Congo, mpira uli pakati. Akachotsedwa m'kaundula wa timu amabwerera ku ntchito yache ndi malipiro ache, pamene mnzache wa timu wamba amabwerera kumudzi chimanja-manja. Ubwino wache ndi wakuti timu yotere ingasunge anyamata pamodzi zaka zambiri, ndipo Kamuzu Barracks inaonetsa mu 2016, pamene inatenga ligi yaikulu, kuti njira imeneyi ingabale zipatso. Kuipa kwache ndi kwakuti munthu angakhale m'timu chifukwa cha udindo ndi chizolowezi, miyendo itatopa kale.

MAFUNSO ATATU

Tsono akulu-akulu a timu asanalembe kapena kufafaniza dzina, ayenera kuyankha mafunso atatu. Loyamba: kodi timu imalola zigoli zingati iye akasewera, ndipo zingati akakhala panja? Yankho lipezeke m'mabuku a nyengo yonse, pakuti mkwiyo wa ochemerera umakumbukira Loweruka limodzi lokha. Lachiwiri: kodi wolowa m'malo mwache alipo, ndipo wasewerapo pambali pache? Mphunzitsi wa pa sukulu adziwa kuti mwana sapatsidwa mayeso pa zimene sanaphunzitsidwe, ndipo mnyamata woponyedwa kumbuyo popanda womtsogolera amataya mtima pa kulakwa koyamba. Lachitatu: kodi mgwirizano watsala ndi nthawi yotani, ndipo alipo wofuna kugula?

Mayankho a mafunso amenewa amalozera njira. Wotchinga wachinyamata amene matimu a ndalama akumfuna agulitsidwe nthawi ikalipo, ndipo m'kalata ya malonda mulembedwe gawo limene timu idzalandire akadzagulitsidwanso. Amene ali ndi luso koma sapeza malo abwereketsedwe kwa timu ina kuti akhwime. Wokhwima amene thupi likumlola asungidwe chaka chimodzi-chimodzi, napatsidwe ntchito yolera womlowa m'malo. Kufafaniza dzina kukhale kotsiriza, ndipo kuchitike mwaulemu: munthu auzidwe pamaso, nthawi ikalipo yofunira timu ina, zache zonse zitalipidwa, ndipo ngati ali ndi mphatso yophunzitsa athandizidwe kupeza maphunziro a ntchitoyo kudzera ku Football Association of Malawi. Chamangwana, Mabedi ndi Mponda onse anakhala aphunzitsi atapachika nsapato, ndipo Mabedi anafika pophunzitsa timu ya dziko.

Ogwira ntchito m'Boma ndi aphunzitsi adziwa kusamutsidwa ndi kupumitsidwa pa ntchito, ndipo adziwa kuti ofesi imene ichotsa munthu wodziwa ntchito isanakonze womlowa m'malo imabvutika chaka chathunthu. Matimu a ku Zomba, kuyambira Red Lions kufikira a m'masukulu a ku Domasi ndi Malosa, achita bwino kukumbukira zomwezo nyengo ya kulemba maina ikafika.