Nsapato Zopyapyala Zothamangira M'mapiri

Mu 2017, María Lorena Ramírez, wa mtundu wa Rarámuri ku Mexico, anapambana mpikisano wothamanga wa makilomita 50 m'mapiri a ku Puebla atavala siketi ndi nkhwayira za tayala lakutha.

Nsapato zopepuka zimene makampani monga Vibram ndi Merrell amagulitsa zimatsata nzeru yomweyi. Pansi pake m'popyapyala, chidendene sichikwera kuposa zala, ndipo kutsogolo n'kotakasuka kuti zala zitambasuke. Phazi limamva kamwala kalikonse, motero munthu amaponda mofupikitsa ndiponso mosamala.

Tsoka lili kwa wopupuluma. Wozolowera nsapato zokhuthala akangosintha tsiku limodzi, akatumba ndi mtsempha wakuchidendene zimawawa kwambiri, ena timafupa ta phazi timachita ming'alu. Akatswiri amalangiza kuyamba ndi mitunda yaifupi kwa milungu ingapo.