Kodi mumadziwa? Makina osema zitsulo omvera manambala

Kodi mumadziwa kuti pa makina a lathe chimene chimazungulira si mpeni, koma chitsulo chimene chikusemedwacho? Chitsulocho chimapanidwa ndi zibwano zitatu za chogwirira chotchedwa chuck, mota n'kumachizunguza, ndipo mpeni umayenda m'mbali mwake uku ukuchisenda ngati chinangwa. N'chifukwa chake zotuluka pa makinawa zimakhala zobulungira: mashafti, mabawuti, mabushi ndi mapule.

Nanga mumadziwa kuti pa lathe ya CNC, yoyendera kompyuta, mmisiri sapukusa zogwirira ndi manja? Kompyuta ndiyo imalamula mamota otchedwa servo, ndipo mota uliwonse uli ndi kachipangizo kouza kompyutayo pamene mpeni wafika. Pa lathe wamba ya CNC, mpeniwo umayenda njira ziwiri: Z, motsatira utali wa chitsulo, ndi X, kulowera pakati pake. Kuyenda kuwiriku kukaphatikizidwa kumatulutsa nsonga, mizere ya bawuti, ngakhale mpira.

Kodi mumadziwa kuti nzeruyi inayambira pa ndege? Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, John T. Parsons ndi Frank Stulen a ku Traverse City, m'chigawo cha Michigan ku America, ankagwiritsa ntchito makhadi obowola powerengera kapindikidwe ka mapiko a helikopita. Asilikali a m'mlengalenga a dzikolo anaikapo ndalama mu 1949, ndipo mu 1952 sukulu yaukachenjede ya MIT inaonetsa makina oyendera manambala obowoledwa pa tepi. Oyambawo sanali lathe. Anali a mtundu wina, wozunguza mpeni. Lathe inatsatira pambuyo.

Makinawa ali ndi chilankhulo chawo, G-code. Ukalemba M03, chitsulo chimayamba kuzungulira. G00 ndi kuthamangitsa mpeni osadula kanthu, G01 ndi kudula mowongoka, G02 ndi G03 ndi kudula mokhota, pamene M30 ndi kumaliza ntchito.

Tsono lamulo limene ine limandigometsa ndi G96. Chimene mpeni umamva si kuchuluka kwa maulendo amene chitsulo chazungulira, koma liwiro limene khungu la chitsulocho likudutsira pamsonga pake. Tiyerekeze kuti mmisiri akufuna mamita 200 pa mphindi. Chitsulo chonenepa mamilimita 100 chiyenera kuzungulira maulendo pafupifupi 637 pa mphindi. Chikasemedwa n'kufika pa mamilimita 50, maulendowo akwere kufika pa 1,273. Pa mamilimita 25, afike pa 2,546. Ukalemba G96, kompyuta imawerengera zonsezi yokha mpeni uli m'kati modula. Koma pali choopsa: mpeni ukamayandikira pakatikati, makina amafuna kuzungulira mopanda malire, ndipo chitsulo chikhoza kupulumuka m'zibwano. Choncho mmisiri wosamala amayamba waika malire a liwiro, amene pa lathe zambiri zoyendera kompyuta ya Fanuc amalembedwa ndi G50.

Kodi mumadziwa kuti makina ambiri amalandira muyeso waung'ono mpaka mamilimita 0.001? Tsitsi la munthu ndi lonenepa pafupifupi mamilimita 0.07.

Pa miyeso yotere, kutentha kokha ndi mdani. Chitsulo chotalika mita imodzi chikatentha ndi digiri imodzi chimatalika ndi mamilimita pafupifupi 0.012. N'chifukwa chake amisiri amayamba atenthetsa makina m'mawa asanaseme kanthu, ndipo madzi osakaniza ndi mafuta kawirikawiri amathiridwa pa mpeni nthawi yodula.

Mpeni weniweniwo ndi kachidutswa kakang'ono ka tungsten carbide komangidwa pa chogwirira chake. Kakabuntha sanola, amangokatembenuzira nsonga ina kapena kuikapo katsopano. Kampani ya Krupp ya ku Germany inayamba kugulitsa chitsulo cholimba chimenechi m'zaka za m'ma 1920, pa dzina la Widia. Mipeniyo imakhala pa gudumu lotchedwa turret, lomwe nthawi zambiri limanyamula 8 kapena 12.

Musanyengeke poganiza kuti kompyuta yachotsa mmisiri ntchito. Makinawa amachita zimene auzidwa basi: kadontho kamodzi kakaikidwa polakwika, mpeni umakawomba chuck. Luso likufunikabe, kungoti lasamukira ku masamu ndi kuwerenga zojambula.

Inu amene mukulingalira zogula makina otere, musathamangire mtundu wa penti kapena dzina la kampani, monga Haas, Mazak kaya Okuma. Funsani kunenepa ndi kutalika kwa chitsulo chimene angaseme, kukula kwa bowo lopisamo ndodo yachitsulo, mphamvu ya mota ndi liwiro lake. Funsaninso za magetsi, pakuti ambiri amafuna a three-phase, ndipo musalipire musanadziwe amene adzawakonze akadzawonongeka.