Kung'amba Matanthwe Pofuna Gasi: Nkhani ya Madzi ndi Chikumbumtima

Ife amene tikhala pano pa Kachebere tidziŵa kuti moyo wa anthu a m'Boma la Mchinji udalira zitsime, mijigo ndi mitsinje ngati Bua. Nchifukwa chake tiyenera kumvetsa njira yokumbira gasi imene Angerezi amaitcha fracking. Njirayi siidafike m'Malaŵi, koma miyala ya mtundu wa Karoo, imene mwina imasunga malasha ndi gasi, ipezeka ku Karonga, Rumphi, Chikwawa ndi ku Tete.

Ntchito yake imayenda motere. Akatswiri amaboola pansi makilomita 2 kapena 3, nakhotetsa chiboowo kuti chitsate thanthwe cham'mbali. Kenaka amapopamo mwamphamvu madzi osakaniza ndi mchenga ndi mankhwala. Thanthwelo limang'ambika, mchenga umatsala m'ming'alumo kuti isatsekeke, ndipo gasi amakwera. Chitsime chimodzi chitha kumwa malita opitirira mamiliyoni 10.

Zoopsa zake ndi zitatu. Choyamba, ngati simenti yotchinga chiboowo ili yofooka, gasi amaloŵa m'madzi akumwa, monga zidachitikira ku Dimock, m'chigawo cha Pennsylvania, m'chaka cha 2009. Chachiŵiri, madzi obwerera kumtunda amakhala amchere kwambiri ndi apoizoni. Ku Oklahoma ankaŵataya m'zitsime zakuya, ndipo zivomezi zidachuluka. Cha ku Pawnee mu 2016 chidafika pa muyeso wa 5.8. Chachitatu, gasi wothaŵira mumlengalenga amatenthetsa dziko koposa mpweya wochokera ku moto, ndipo kutenthako kumasokoneza mvula imene mlimi wa chimanga ndi mtedza amaiyembekeza.

Maiko ayankha mosiyana. France idaletsa njirayi mu 2011. M'chaka chomwecho boma la South Africa lidaimitsa zopempha za makampani, kuphatikizapo Shell, zofufuza gasi ku Karoo, dera louma la alimi a nkhosa, koma lidachotsa chiletsocho mu 2012.

Kodi wansembe zimkhudza bwanji? Buku la Genesis liphunzitsa kuti munthu adaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusamala, ndipo Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya m'chaka cha 2015, adatsimikiza kuti madzi abwino akumwa ndi ufulu wa munthu aliyense. Eklezia sakana chitukuko; mudzi wosoŵa magetsi nawonso uli pa umphaŵi. Koma phindu limapita kutali, pamene chitsime choipitsidwa chimatsalira mayi amene amatungapo. Anthu a ku Moatize, amene adasamutsidwira ku Cateme kuyambira 2009 chifukwa cha mgodi wa malasha, adadziŵa kuŵaŵa kwa malonjezo osakwaniritsidwa.

Tsono abale, tikadzamva kuti alendo afika kwa mfumu ndi mapepala, tithandize akhristu m'miphakati kufunsa: madziwo adzachokera kuti, otsala adzatayidwa kuti, ndipo chitsime chikaipa adzalipira ndani? Makolo adati madzi akatayika saoleka.