Gulu la pa WhatsApp kapena webusaiti: makiyi ali ndi yani?

Komiti yathu inakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi kuyambira 2 koloko mpaka dzuwa kupendeka, nkhani yake imodzi yokha: kodi kagulu kathu kolipirira fizi ana ovutika kakhale ndi webusaiti yake, kapena tizingopitiriza ndi gulu la pa WhatsApp ndi tsamba la pa Facebook lomwe tinali nalo kale? A wapampando anati bungwe lililonse lolemekezeka lili ndi webusaiti. A msungichuma, mayi amene satulutsa ngakhale K500 popanda lisiti, anafunsa funso lawo la masiku onse: "Zimenezo ndi ndalama zingati, nanga chaka chamawa alipira ndani?" Ine mlembi ndinangolemba zonse m'kope. Papita zaka tsopano, njira zonse ziwiri tinaziyenda, ndipo zonse zinatipunthwitsapo, iliyonse mwa mtundu wake.

WhatsApp sitinachite kuisankha, tinangoipeza ili kale m'matumba mwa anthu. Mphamvu yake yaikulu ndi imeneyo. Palibe woti aphunzitsidwe, palibe fomu, palibe cholipira. Gulu limodzi limatha kutenga anthu 1,024, chiwerengero chomwe kagulu ka m'dera sikangachifike. Agogo amene maso anafooka, kapena amene sukulu anailekera m'njira, amangodina kabatani n'kuyankhula, mawu awo n'kufika kwa onse monga momwe awanenera. Netiweki ikathawa uthenga umadikira, ikabwerera umapita wokha.

Palinso nkhani ya bandulo, yomwe opanga mawebusaiti sakonda kuitchula. Airtel ndi TNM amagulitsa mabandulo a WhatsApp kapena Facebook pawokha, otsika mtengo kuposa a intaneti yonse, ndipo anthu athu ambiri amagula omwewo. Munthu wa bandulo yotere mukamutumizira linki ya webusaiti yanu, adina, kachizindikiro kazungulira, basi, sipatseguka kanthu. Ndinaona ndi maso anga a wapampando omwewo akulephera kutsegula webusaiti yomwe anailimbikira pa msonkhano uja, mpaka mdzukulu wawo anawauza kuti bandulo yawo sifika kumeneko.

Koma WhatsApp ndi bwalo, si kabati. Imadziwa kuyankhula, kusunga siidziwa. Maminitsi a msonkhano ndikawatumiza Loweruka madzulo, pofika Lolemba amakhala atamira pansi pa ma "Amen" makumi atatu, zithunzi za maluwa zofunirana mmawa wabwino, uthenga wa maliro ndi mkangano wa Bullets ndi Wanderers. Membala wolowa lero sapeza zomwe tinagwirizana chaka chatha. Mauthenga akale sakhala ku kampani, amakhala m'mafoni mwa anthu, ndiye foni yanga itabedwa mu minibasi zinapita nayo zithunzi za malisiti a matemu awiri, poti ndinali ndisanaitchere kuti izisunga kopi pa Google Drive. Ndinayenda kupempha mamembala kuti anditumizirenso zomwe anali nazo, koma ambiri anali atafufuta kale kuti foni ipeze malo. Onjezanipo kuti nambala ya aliyense imaonekera kwa onse, ndipo chithunzi cha mwana wamasiye chikangolowa pa gulu simungachiletsenso kuyenda. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, la 2024, ndipo kagulu kosunga mayina ndi zithunzi za ana sikangati silikukakhudza.

Chachikulu n'chakuti nyumbayi si yathu. Tikukhalamo ulere, inde, koma mwini wake alipo: kampani ya Meta, yomwe, pa nthawi imene inkatchedwa Facebook, inagula WhatsApp mu 2014 pa mtengo wa madola pafupifupi 19 biliyoni. Pa 4 Okutobala 2021 Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinathima limodzi pa dziko lonse kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi, ndipo panalibe landilodi woti mukamugogodere. Ku Zambia, tsiku la zisankho la 12 Ogasiti chaka chomwecho, anthu anapezeka kuti WhatsApp ndi Facebook sizikutseguka. Za maola kapena masiku n'zopirika. Zowawa zenizeni anazimva a Yahoo Groups, malo omwe magulu ambirimbiri a mipingo, masukulu ndi mabanja ankalemberana makalata kwa zaka pafupifupi makumi awiri: mwini wake anayamba wachotsa zonse zosungidwa, kenako pa 15 Disembala 2020 anatseka chitseko. Google+ nayo inatsekedwa mu Epulo 2019. Khasu lobwereka silikhalira kuthyoka, ndipo likathyoka mulibe pokadandaula, poti simunalipire.

Tsamba la pa Facebook sindilitayira nthawi. Ndi labwino poonetsa zithunzi za tsiku lopereka mayunifolomu, ndipo abale athu a ku Joni ndi ku Manchester amationera pomwepo. Kungoti zomwe mwalemba sizifika kwa onse amene amakutsatirani. Facebook imasankha yokha oti aone, n'kumakunyengererani kuti mulipire ngati mukufuna zifike patali.

Webusaiti ndi nkhani ina, ndipo ambiri amaiyamba asanamvetse kuti ili ndi malendi awiri. Yoyamba ndi ya dzina, lomwe amati domain, lija limathera ndi .org kapena .mw. Dzinali simuligula kotheratu, mumalilipira chaka ndi chaka, la.org limakhala pakati pa madola 10 ndi 20 pachaka, pomwe mayina a .mw amayang'aniridwa kuno komwe ndi a Malawi SDNP. Lendi yachiwiri ndi ya hosting, kutanthauza malo pa kompyuta ya kampani ina yosathima usana ndi usiku, pomwe masamba anu amakhala. Dzina lili ngati chikwangwani cha pamsewu, hosting ndiye nyumbayo. Nyumba ikakuipirani mutha kusamuka n'kunyamula chikwangwani chanu, anthu n'kumakupezanibe pa dzina lomwelo. Ufulu wosamuka umenewu WhatsApp ndi Facebook sizipereka.

Funso la a msungichuma lija limaluma pa hosting. Makampani akunja amafuna madola, kudzera pa khadi ya ku banki yololedwa kulipira kunja, ndipo aliyense akudziwa momwe ndalama zakunja zakhala zikusowera. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Bajeti yomwe komiti inavomereza mu Januwale inali yoperewera pofika Disembala popanda wina kuba tambala. Makampani a hosting a m'dziko muno ali ndi ubwino woti mumalipira m'makwacha ndipo pali munthu woti mumuimbire foni m'Chichewa, ngakhale ena mwa iwo amangobwereka malo pa makompyuta akunja omwewo, ndiye mitengo yawo imatsatirabe dola. Akunja nawo ali ndi kamsampha: mtengo wa chaka choyamba umakhala wokopa, wa chaka chachiwiri n'kukwera kawiri kapena katatu. Funsani wachiwiriwo musanasaine.

Ndalama ndi theka chabe. Webusaiti imafuna mlonda. Zambiri zimamangidwa ndi WordPress, pulogalamu yaulere yomwe inayamba mu 2003, ndipo ndi yabwino, koma imafuna kuikonzanso pafupipafupi. Mukaisiya miyezi, akuba a pa intaneti amapeza polowera, tsiku lina n'kupeza tsamba la ana amasiye likutsatsa juga. Yathu sinafike pamenepo, inafa imfa ina. Anatipangira ndi mnyamata wa mumpingo, mwaulere ndi mtima wabwino, ndipo inali yokongola zedi. Polembetsa dzina anagwiritsa ntchito imelo yake ndi khadi yake, ife osadziwa kuti pali chofunsa. Atapita ku Joni kukasaka ganyu nambala yake inasintha. Makalata ochenjeza kuti lendi yatha ankapita ku imelo yomwe palibe mmodzi wa ife akanaitsegula. Dzina likatha nthawi amalisungako masabata angapo, kenako kuliombola kumadula, kenako limapita kwa aliyense wolifuna. Ife tinadziwa zonsezi mochedwa, pomwe dzinalo linali litadindidwa kale pa malisiti ndi pa chikwangwani.

Ndiye n'chifukwa chiyani ndikuikondabe? Chifukwa imagwira ntchito yomwe WhatsApp singathe: kuyankhula ndi mlendo. Munthu wa ku bungwe lothandiza akalandira kalata yanu yopempha, choyamba amalemba dzina lanu pa Google. Akapeza tsamba lonena kuti ndinu ndani, munalembetsedwa kuti, komiti yake ndi iti, chaka chatha munalandira zingati ndipo zinapita kuti, amapitiriza kuwerenga kalatayo. Imelo yothera ndi dzina la gulu imalemeranso kuposa ya Gmail yokhala ndi dzina la mlembi ndi chaka chake chobadwa. Ndipo zomwe mwaika pa webusaiti zimakhala pomwe munaziika; malamulo a gulu simuchita kuwasaka pansi pa maluwa a mmawa.

Ndikaziika pa sikelo, WhatsApp ndi ya a m'nyumba, webusaiti ndi ya odutsa pamsewu. Kagulu ka maliro kapena banki m'khonde, komwe ndalama zimachokera kwa mamembala okha, webusaiti sikaifuna. Kagule kope lolimba ndipo mlembi azisunga maminitsi pa Google Drive, pomwe malo a 15 GB ndi aulere. Gulu lomwe limapempha thandizo kunja kwa mudzi ndilo likufunika dzina lake pa intaneti, koma osati chinyumba cha zipinda khumi chomwe palibe wochisesa. Tsamba limodzi kapena awiri akwana, opepuka, opanda mavidiyo odya bandulo, ndipo malo aulere monga Google Sites amalola kulumikizako dzina lanu, lendi n'kutsala imodzi yokha. Ife tinabwerera motero. Dzina latsopano tinalilembetsa ndi imelo ya gulu, pasiwedi ili mu envulopu yomata kwa a msungichuma ndi ina kwa a wapampando, tsiku lolipira linalowa mu bajeti pafupi ndi fizi ya temu yoyamba, ndipo gulu la pa WhatsApp lili ndi maadimini atatu m'malo mwa mmodzi. Mamembala anayi a mafoni a mabatani timawatumizirabe SMS, ndipo zolengeza za Lamulungu m'tchalitchi sitinazisiye.

Ngati gulu lanu lili kale ndi webusaiti kapena tsamba la pa Facebook, pa msonkhano ukubwerawu funsani kuti linalembetsedwa ndi imelo ya yani, pasiwedi akuidziwa ndi angati, ndipo lendi ikutha mwezi uti. Akayankha kuti zonse akudziwa ndi mnyamata uja, muitaneni sabata yomweyo adakali pamudzi.