Injini ikayamba kugogoda pa msewu wa ku Kachulu

Pikapu yochoka pa doko la Kachulu, m'dera la Mfumu Yaikulu Mwambo ku Zomba, sinyamuka yopepuka. Pansi pamakhala matumba a mpunga, pamwamba madengu a matemba ouma ndi milamba yowamba, m'mbali amayi a geni atakhala mopanikizana, ndipo njinga imodzi kapena ziwiri zimamangiriridwa kumbuyo. Kuchoka pa nyanja ya Chilwa kukafika m'tauni ya Zomba ndi makilomita pafupifupi 30 basi, koma galimoto imafika itatopa. M'chilimwe fumbi limachita kutchinga maso. M'dzinja makande a m'mbali mwa nyanja amasanduka phala, timitsinje tothira mu Likangala n'kumadutsa pamwamba pa msewu.

Galimoto zambiri zogwira ntchito imeneyi ndi zakale: Toyota Hilux za injini ya 2L, 3L kapena 5L, Nissan Hardbody za TD27, Isuzu KB, ndi apo ndi apo ka Nissan 1400 ka petulo. Zilibe polumikiza kompyuta yoti iuze munthu chavuta. Mita yowerenga mtunda pa zina inafa kalekale. Chomwe chatsala ndi khutu la dalaivala ndi la makaniko wa pansi pa mtengo wa mango pa Govala kapena pa Jali. Ndipo funso lomwe khutulo liyenera kuyankha ndi limodzi: phokoso ili lilola kuti nsomba zifike pa msika, kapena injini izimitsidwe pomwe pano?

Makaniko wodziwa ntchito yake sathamangira sipanala. Amayamba wafunsa, ndipo amafunsa mpaka mwini galimoto kunyansidwa. Phokosoli linayamba liti? Limamveka m'mawa injini ili yozizira, kapena ikatentha? Pokwera mtunda kapena potsika? Mwawoloka madzi posachedwa? Dizilo munathira kuti? Oilo munasintha liti? Madalaivala ambiri amanama pa mafunso awiri omalizawa, makamaka bwana akakhala pomwepo, ndipo makaniko amadziwa kuti akunamizidwa. Amangotulutsa chitsulo choyezera oilo, kupaka pa chala, kununkhiza, n'kukhala chete.

Kenako amayamba ndi zotchipa, ndipo apa ndi pomwe ndimasiyanitsa makaniko woona ndi wofuna kudya ndalama za munthu. Msewu wa mabampu umamasula chilichonse. Chitsulo chogwira ekisozi chikathyoka, chitsulo chotchinga pansi pa injini chikamasuka, kapena raba yomwe injini imakhalira ikang'ambika, pamamveka khotcho-khotcho woopsa kwabasi pomwe injini ilibe vuto. Njira yosiyanitsira ndi yosavuta: galimoto iime, giya ikhale pa nyutulo, dalaivala aponde mafuta. Phokoso likamathamanga limodzi ndi injini, kawirikawiri vuto lili m'injini kapena pa zomwe injiniyo ikuzunguza. Likamamveka galimoto ikuyenda pokha, mukafufuze ku mateyala, ku masipuling'i ndi ku shafuti. Likasintha munthu akaponda kilatchi, ndiye kuti ndi beringi ya kilatchi kapena ya giyabokosi, ndipo mpunga ufika ndithu.

Kulira kwa kwiii m'mawa, kapena galimoto ikangotuluka m'madzi, kawirikawiri ndi lamba wa fani wolobodoka kapena wotha. Kukhwimitsa kwake ndi ntchito ya mphindi zochepa. Koma musamupeputse lambayu, chifukwa pa Hilux zakalezi ndiye amazunguza pampu ya madzi. Akaduka dalaivala osaona, injini imawira, gasiketi n'kupsa. Phokoso likakhala lokhulula, longa zitsulo zikuperesana kutsogolo kwa injini, makaniko amachotsa lambayo n'kuliza injini kwa kanthawi kochepa. Likatha, wapeza kuti ndi beringi ya alternator kapena ya pampu ya madzi, ndipo amazizunguza ndi dzanja kuti amve yomwe ikukhakhala.

Chida chake chachikulu pa ntchito yonseyi ndi sikuludalaiva yaitali. Nsonga amaigunditsa pa injini, chigwiriro n'kuchitsamiritsa pa khutu. Chitsulo chimanyamula phokoso kuchokera pomwe chagunda, ndiye akamasuntha nsongayo, kuchoka pamwamba pa mavalavu kutsikira m'mbali mpaka ku sampu, komwe kumakhala oilo, amamva pomwe kugogoda kukukulira. Ena amagwiritsa ntchito kapaipi ka madzi pofuna kupeza pomwe mpweya ukuthawira. Ngozi yake ndi fani ndi malamba, zomwe zimakoka malaya ndi zala za munthu wosasamala.

Pamwamba pa injini pamakonda kumveka tiki-tiki wopepuka wa matapeti. Amagunda mochedwerapo poyerekeza ndi liwiro la injini, chifukwa camshaft imazungulira kamodzi pomwe crankshaft yazungulira kawiri. Pa TD27 ndi pa Nissan 1400 makaniko amangotsegula chivundikiro cha pamwamba n'kutchera mipata ndi sipanala ndi sikuludalaiva. Pa 3L ndi 5L sizitero, pamafunika timashimu ta makulidwe oyenera, ndipo timeneti sitipezeka pa golosale ya pa Kachulu. Mwamwayi phokoso ili silipha injini lero kapena mawa. Chimodzimodzi pfu-pfu wa gasiketi ya ekisozi yobooka, yemwe amasiya mwaye wakuda pomwe utsi ukutulukira, ndiponso kugwedera kwa pisitoni yotha komwe kumamveka m'mawa n'kuzirala injini ikatentha. Zonsezi ndi zoti munthu akonze akapeza ndalama, osati zotsitsira katundu pa msewu.

Nkhani imavuta phokoso likachokera pansi. Pakati pa konirodi ndi crankshaft pali mabering'i opyapyala omwe sayenera kukhudzana ndi chitsulo chinzake, amayandama pa oilo wopopedwa ndi mphamvu. Oilo akachepa, akatha mphamvu, kapena akadzaza mchenga, mabering'iwo amadyeka, mpata n'kukula, ndipo pisitoni ikamakankhidwa konirodi imamenya crankshaft. Kamvekedwe kake ndi gu-gu-gu wolemera, ngati munthu akusinja mumtondo kuseri kwa nyumba. Amakula injini ikatentha chifukwa oilo wapyapyala, amamveka bwino dalaivala akaponda mafuta n'kusiya mwadzidzidzi, ndipo nthawi zambiri kanyali kofiira ka oilo kamaphethira galimoto ikaima. Makaniko akatsitsa oilo m'beseni n'kuona tizitsulo tonyezimira, sakhalanso ndi chokayikira. Apa palibe zoti tifike kaye pa Matawale. Injini yotere ikazimitsidwa msanga, nthawi zina imangofuna mabering'i atsopano. Ikayenda makilomita ena khumi ndi katundu, crankshaft imakalika ndipo iyenera kupita ku Blantyre kukaperesedwa pa makina. Ikakakamizidwabe, konirodi imathyoka n'kuboola buloko, ndipo pamenepo anthu amangoti injini yanoka, mwiniwake ayambe kuyendera Ndirande ndi Limbe kufunafuna ina yakale.

Chosokoneza n'chakuti injini ya dizilo imagogoda kale mwachibadwa, ndipo nozo, yomwe imapemerera dizilo m'silinda, ikaonongeka imatha kuliza phokoso lofanana kwambiri ndi la beringi. Nozo ikamadontheza dizilo m'malo momupemerera, mafutawo amayaka mwadzidzidzi n'kumenya pisitoni, utsi wakuda kapena wotuwa uli tolotolo. Eni galimoto ena atsegulitsa injini yonse pa vuto la nozo imodzi. Amakaniko akale ali ndi njira yawo. Injini ikulira, amamasula pang'ono nati ya paipi yopita ku nozo, imodzi imodzi, kuti silinda imeneyo isayake. Silinda yomwe phokoso lazirala ndiyo yodwala. Koma izi sizinanene ngati ndi nozo kapena beringi, chifukwa zonse ziwiri zimachepa silinda ikapuma. Ndiye amasinthanitsa nozoyo ndi ya silinda ina. Phokoso likasamuka nayo, mwini galimoto apume, ndalama yake ndi yochepa. Likatsala pomwe linali, sampu itsitsidwe. Njira imeneyi ndi ya injini zakale zokha. Pa Hilux za D-4D ndi zina zatsopano dizilo amayenda ndi mphamvu yoposa mabaa 1,000, yokwanira kuboola khungu la munthu, ndipo paipi zake sizimasulidwa injini ikulira.

Manozo ndi mapampu ambiri kuno amafa ndi mafuta. Kuchokera mu 2022 dziko lino lakhala likusowa petulo ndi dizilo mobwerezabwereza, ndipo dalaivala wa ku Kachulu sangasiye nsomba zikuonongeka kuti akagone pa mzere ku Zomba. Amagula wa m'zigubu, ngakhale bungwe la MERA limaletsa malonda amenewa. M'chigubu mumatha kukhala madzi, litsiro, kapena palafini wosakaniza. Palafini safewetsa zitsulo za m'pampu monga amachitira dizilo, ndipo amayaka mosiyana, ndiye injini imayamba kulira mouma. Hilux ili ndi kachikho pansi pa fyuluta ya dizilo kosungira madzi, kokhala ndi nyali yake yochenjeza. Kukhetsa madziwo sikulira ndalama, koma ndi madalaivala angati omwe amakumbukira?

Madzi a pa msewu ndiwo amapha mwachangu. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula yosalekeza m'chigawo cha kummwera, madambo a m'mbali mwa Chilwa anasefukira ndipo misewu yambiri inaduka. Koma sipafunika namondwe kuti injini imwe madzi, chithaphwi chakuya chimodzi chikwana. Injini ya 3L imapanikiza mpweya kuwirikiza ka 22, ndipo malo otsala pamwamba pa pisitoni ndi ochepa zedi. Madzi sapanikizika. Akalowa kudzera ku fyuluta ya mpweya, pisitoni imagunda pa madziwo, konirodi n'kupindika. Galimoto ikazima pakati pa madzi, chinthu choyamba chomwe anthu okwera amafuna ndi kuikankha kuti ilire, ndipo kumeneko ndiko kuimaliza. Choyenera ndi kuikokera pouma, kutsegula fyuluta kuona ngati yanyowa, kuchotsa mahita pulagi kapena manozo, n'kuzunguza injini kuti ilavule madziwo. Oilo akaoneka wotuwa asinthidwe injini isanalizidwe. Injini yomwe inamwa madzi n'kulira ndithu imatha kuyenda masabata angapo ikunjenjemera ndi kugogoda pang'ono, mwini wake n'kuiwala za chithaphwi chija. N'chifukwa chake makaniko amafunsa za madzi ngakhale mwezi uli wa Meyi.

Fumbi limapha pang'onopang'ono. Fyuluta ya mpweya ikatsekeka, anyamata amaimenyetsa pa teyala kapena kuipopera mpweya mpaka pepala lake kung'ambika, ena amaichotseratu kuti galimoto ikoke. Fumbi lolowa pamenepo limadya maring'i ndi makoma a silinda, kenako limatsikira mu oilo n'kukafika ku mabering'i aja. Mwala nawo ukaphwanya sampu n'kuilowetsa m'kati, umapanikiza kasefa komwe pampu imakokera oilo, injini n'kumafa ndi ludzu oilo ali wodzaza.

Pali chinthu chimodzi chomwe khutu silithandiza kwenikweni. Injini za 2L, 3L ndi 5L zimayendetsa camshaft ndi lamba wa taiming'i, yemwe Toyota inati azisinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse, ndipo pa dashibodi pali nyali yolembedwa T-BELT yokumbutsa. Mita ikafa, nyaliyo siyakanso pa nthawi yake. Lambayu amatha kuduka osachenjeza, mapisitoni n'kugunda mavalavu. Nthawi zina beringi yomukhwimitsa imayamba yalira kuseri kwa chivundikiro cha kutsogolo, ndipo wamwayi ndi amene wamva. TD27 ilibe nkhawa imeneyi poti taiming'i yake ndi ya magiya, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe anthu a matola amaikondera.

Kunena zoona, madalaivala ambiri a mumsewu uwu amadziwa kusiyanitsa tiki-tiki ndi gu-gu-gu. Vuto si umbuli. Galimoto si yawo, bwana akudikira ndalama ya tsikulo, ndipo kumbuyo kuli amayi omwe chuma chawo chonse chili m'madengu. Woimitsa galimoto amakangana ndi onsewa. Ntchitoyonso ndi ya nyengo: nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulukamo, inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 inatsala pang'ono kutheratu, mabwato ali gwaa pamatope. Nsomba zikapezeka, kapena mpunga wa ku sikimu ya Likangala ukamakololedwa, aliyense amafuna kubweza zomwe anataya, ndipo tsiku limodzi la ku galaja limaoneka lalitali. Masipeya nawo amachokera kunja, ndipo ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake inalumpha. Fyuluta zotchipa zosadziwika kochokera, ndi oilo wogulitsidwa m'mabotolo a zakumwa, zinapeza msika. Ndimamvetsa zonsezi, komabe bwana amene amadula malipiro a dalaivala chifukwa choimitsa galimoto nyali ya oilo itayaka ndiye amene akugula injini ina mosadziwa.

Ndipo injini yogogoda siimathera pa mwini wake woyamba. Mpunga ukagulitsidwa, alimi ndi asodzi ena omwe apezako bwino amafuna kugula pikapu, ndipo ogulitsa amadziwa nyengo imeneyi. Ena amathira oilo wolemera kwambiri, mwinanso kusakaniza ndi wa giyabokosi, kuti atseke mpata wa mabering'i kwa masiku ochepa. Ena amabwera injini ataitenthetsa kale kuti kugwedera kwa m'mawa kusamveke. Wogula apite ndi makaniko wake, osati wa wogulitsa. Afike m'mawa, aike dzanja pa injini kuti atsimikize kuti yagona osalira, aone oilo pa chala, aone ngati nyali ya oilo ikuyaka kiyi akatembenuzidwa n'kuzima injini ikalira, chifukwa ena amachotsa babu lake. Akatero akweze matumba angapo, ayende mpaka itenthe bwinobwino, aime, azimitse wailesi, atsegule boneti n'kuyambiranso kumvetsera kuchokera pamwamba mpaka ku sampu.