NYANJA YA MCERE IRIKUDYA MTUNDA

Abale a m'komponi, ife a kuno ku Pretoria tiri pamtunda ndithu, mamita oposa 1,300 pamwamba pa nyanja ya mcere. Tikamva kuti nyanjayo irikukwera, tikhoza kunena kuti si mlandu wathu. Koma tamverani za Chinde.

Chinde ndi doko la pamcenga m'dziko la Mozambique, pamene mtsinje wa Zambezi uthira m'nyanja. M'caka ca 1891 Apwitikizi anabwereka Angerezi malo pamenepo, ndipo katundu ndi makalata a ku Nyasaland anali kutsikira pa Chinde ndi kukwezedwa m'sitima za pa Zambezi ndi Shire. Koma mafunde anali kugumula gombe caka ndi caka, ndipo nyumba zina zinagwera m'madzi. Mu February 1922 namondwe anaswa mudziwo namiza sitima zambiri. Angerezi anacokapo, ndipo katundu anayamba kuyenda pa njanji ya ku Beira.

Masiku amenewo nyanja inali yotsika kusiyana ndi lero. Ciyambire caka ca 1900 madzi akwera pafupifupi masentimita 20, ndipo tsopano alikukwera msanga koposa kale. Cifukwa cace ndi ici: utsi wa malasha ndi mafuta uonjezera kutentha pa dziko lonse, madzi oundana a ku maiko ozizira asungunuka, ndiponso madzi a m'nyanja akafunda amafufuma.

Kapena wina ati, masentimita 20 ndi kutalika kwa dzanja cabe. Inde, koma pa malo acidikha dzanja limodzi ndi lalikuru, pakuti namondwe akakankha mafunde, amalowa kutali m'midzi. Zisumbu za Tuvalu, m'nyanja ya Pacific, ziribe malo okwera kufika mamita 5, ndipo mu 2023 boma lao linapangana ndi Australia kuti anthu 280 caka ciri conse aziloledwa kukakhala kumeneko. Pafupi ndi kwathu, namondwe wa Idai anaononga mzinda wa Beira mu March 2019.

Anamondwe amenewa sathera pagombe. Mvula yao ifika kumtunda, monga anacitira Freddy mu March 2023, pamene anthu mazana ambiri anafa ku cigawo ca kummwera kwa Malawi, ndipo midzi ya ku Nsanje ndi Chikwawa inamira.

Tsono inu amene mutumiza ndalama kumudzi kuti akumangireni nyumba, kaya ku Quelimane, kaya m'cigwa ca Shire, musafulumire kugula malata. Yambani mwalembera kalata akuluakulu a m'mudzi, muwafunse pamene madzi anafika pa cigumula cacikuru, ndipo mumange kumtunda kwace, ngakhale kucitsime kukhale kutali. Makolo anati madzi saiwala khwawa. Thukuta la zaka zitatu pansi pa mgodi lisapite ndi madzi usiku umodzi.